Kubereketsa mikango ndi akambuku m'makola sikungawapulumutse

Mwafunsa ngati sikungakhale kokwanira kusunga nyama zimenezi m'makola n'kumazibereketsa kuti zisatheretu. Ine ndikuti ayi, chifukwa chomwe chikuzitha kwenikweni n'kusowa tchire komanso nyama zoti zizigwira.

Taonani ma cheetah, nyama zamawangamawanga zofanana ndi kambuku zomwe zimathamanga kwambiri. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti kutchire kwatsala pafupifupi 7,100, ndipo ambiri amakhala kunja kwa nkhalango zotetezedwa. Amayenda mtunda wautali kwambiri posaka, choncho minda, misewu ndi mipanda ikadula njira zawo, amathera pakati pa ziweto za anthu. Kumeneko mlimi amene mbuzi zake zagwidwa amathira poizoni pa nyama yotsalayo, ndipo amafa si wolakwa yekha, miimba ndi afisi nazonso zimapita. Msampha wa waya wotchera gwape umagwiranso mwendo wa mkango, n'kumadula mnofu pang'onopang'ono mpaka pa fupa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Komatu zikhoza kusintha. India inayambitsa Project Tiger, ntchito yoteteza ma tiger (akambuku akuluakulu amizeremizere) m'nkhalango zawo, mu 1973, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti ma tiger achuluka n'kupitirira 3,600, ngakhale bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN likuwaikabe m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yotha.

Chofunika ndi nkhalango zolumikizana, alonda olipidwa bwino, makola olimba a ziweto usiku, ndi chipukuta misozi chofika msanga kwa mlimi amene waluza ng'ombe. Mkango wobadwira m'khola n'kuzolowera anthu suvuta kuweta, koma kuubwezera kutchire nthawi zambiri kumalephereka.