Tahoe kapena Sienna? Yankho kwa achimwene a ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene pano akukhala ku Indiana, ku America. Ali ndi ana anayi, galimoto yomwe anagula atangofika kumeneko yatopa, ndipo mtima wawo uli pa Chevrolet Tahoe, chigalimoto chachitali chija cha injini ya V8. Mayi akunyumba akukana, akuti chimamwa mafuta ngati chidakwa cha pa maliro. Mwana wawo wachisamba, mtsikana wa kusekondale, akuti galimoto zoterezi ndi zomwe zikusokoneza nyengo. Bambowa akufunsa kuti: "Anzanga onse kuntchito ali ndi zigalimoto zikuluzikulu. Ngati n'zoipa chonchi, bwanji dziko lonse likuzigula? Ine pachaka ndimayenda mamailosi pafupifupi 15,000."

Achimwene, tiyambe taona za m'thumba, poti kumeneko n'komwe mlamu wangayo akuloza.

Ku America amayeza kamwedwe ka mafuta ndi mamailosi pa galoni. Galoni ya ku America ndi malita 3.8, mailosi ndi makilomita 1.6. Tahoe ya V8 imayenda mamailosi pafupifupi 17 pa galoni mukaphatikiza m'tauni ndi mumsewu waukulu, kutanthauza makilomita 7 okha pa lita. Pa ulendo wanu wa pachaka idzamwa magaloni pafupifupi 880, omwe ndi malita oposa 3,300. Tsono taonani Toyota Sienna, yomwe kuyambira 2021 imabwera ndi injini yothandizana ndi batire. Imanyamula anthu 7 kapena 8, banja lanu lonse ndi apongozi omwe akabwera kudzacheza, koma imayenda mamailosi 36 pa galoni. Pachaka ndi magaloni osakwana 420. Kusiyana kwake ndi migolo ya malita 200 pafupifupi isanu ndi inayi. Galoni ikakhala pa madola atatu, ndiye kuti chaka chilichonse mukutaya madola pafupifupi 1,400 m'thanki chifukwa cha maonekedwe basi.

Funso lanu lenileni ndi lakuti bwanji aliyense akugula. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti Mwamerika amabadwa akukonda chigalimoto, pomwe zambiri zinachita kuumbidwa ndi malamulo.

Mu Okutobala 1973 mayiko a Aarabu ogulitsa mafuta anasiya kutumiza mafuta ku America chifukwa choti dzikolo linkathandiza Israel pa nkhondo. Anthu anaima pa mizere italiitali m'malo omwetsera mafuta, zomwe ife a ku Lilongwe ndi Blantyre sitifunika kufotokozeredwa. Mu 1975 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa CAFE, lokakamiza makampani kuti galimoto zawo zizimwa mafuta ochepa. Galimoto wamba zinauzidwa kuti pofika 1985 zizikwanitsa mamailosi 27.5 pa galoni. Koma mapikapu ndi mavani anaikidwa m'gulu lina la malamulo ofewa, poganiza kuti amenewo ndi a alimi ndi amisiri omanga nyumba. Mu 1978 kunabweranso msonkho wolanga galimoto zomwa mafuta mopyola muyeso, koma gulu lomweli silinakhudzidwe.

Makampani sanagone. Anatenga chitsulo cha pansi cha pikapu, n'kuikapo mipando yofewa ndi denga, n'kugulitsa kwa mabanja. Pa pepala ndi galimoto ya ntchito, pamsewu ikupita kukasiya ana kusukulu. Tahoe yanuyo inabadwa choncho, ndi m'bale wake wa pikapu ya Silverado.

Palinso kankhani ka nkhuku, komwe kamandiseketsa nthawi zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, France ndi West Germany anakweza msonkho pa nkhuku zochokera ku America. Pobwezera, Pulezidenti Lyndon Johnson anaika msonkho wa 25 peresenti pa mapikapu obwera kuchokera kunja, ndipo unayamba kugwira ntchito mu 1964. Mkangano wa nkhuku unazilala kalekale koma msonkhowo unatsala. Zotsatira zake, Ford, General Motors ndi Chrysler anakhala zaka zambiri opanda wopikisana naye weniweni pa msika wa mapikapu, ndipo phindu lalikulu amalipeza kumeneko. Mwini golosale amaika patsogolo katundu amene akumupindulira. N'chifukwa chake malonda a pa TV amakuonetsani chipikapu chikuwoloka mtsinje, pomwe mwini wake weniweni akungopita nacho kusitolo ya Walmart. Ford F-Series yakhala galimoto yogulitsidwa kwambiri ku America kwa zaka zoposa 40, ndipo kampani ya Ford inafika posiya kugulitsa galimoto zake zazing'ono za Focus ndi Fusion m'dzikomo.

Pamene malamulo anakonzedwanso cha m'ma 2011, anayamba kuyeza malinga ndi kukula kwa malo amene ali pakati pa matayala anayi. Galimoto ikakula, mlingo woti ikwanitse umafewa. Ndiye mukanakhala inu mwini kampani, mukanaichepetsa kapena kuikulitsa? Onjezanipo kuti msonkho wa boma lalikulu pa petulo wakhala masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993, osasunthako. Ku Britain ndi ku Germany gawo lalikulu la mtengo wa petulo ndi msonkho, ndipo kumeneko mabanja a ana atatu amakwanira m'galimoto yomwe ku Indiana angaiseke.

Tsopano za mwana wanuyo. Musamukalipire, akunena zoona. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni. Ena amadabwa kuti zitheka bwanji pomwe litayo sifika ndi kilogalamu yomwe. N'chifukwa choti kaboni wa m'mafuta akamapsa amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, ndipo kulemera kwambiri kumachokera kwa okosijeniyo. Palibe sefa ya ku ekizozi yomwe ingachotse mpweya umenewu. Ochuluka mafuta, wochuluka mpweya, basi. Tahoe idzatulutsa matani pafupifupi 8 pachaka, Sienna osakwana 4. Pomwe Mmalawi mmodzi, mukagawa mpweya wonse wochokera ku mafuta, malasha ndi simenti m'dziko muno, amatulutsa makilogalamu pafupifupi 100 pachaka. Kusiyana kwa galimoto ziwirizo kokha kukufanana ndi mpweya wa anthu 40 a kwathu, kamudzi kathunthu.

America ili ndi anthu anayi okha mwa anthu 100 alionse a padziko lapansi, koma imagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse, migolo ya mafuta pafupifupi 20 miliyoni patsiku. Mtengatenga ndiye gwero lalikulu la mpweya wotenthetsa dziko m'dzikomo, kuposa ngakhale kupanga magetsi. Sindikunena kuti chigalimoto cha mnzanu wakuntchito ndicho chinagumula phiri la Soche pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Koma mpweya wofunda umasunga chinyezi chochuluka, ndipo chikagwa chimagwa mwaukali. Amene amakwiriridwa ndi matope ku Chilobwe ambiri sanakhalepo ndi galimoto. Mwana wanu mwina anaona zithunzizo pa foni yanu yomwe.

 

Kuti ndisakondere, Tahoe ili ndi ntchito yake. Ngati mumakoka ngolo yolemera, boti kapena makina, Sienna singakuthandizeni. Koma m'kalata yanu simunatchule chokoka chilichonse. Mukadandaula za chipale chofewa cha ku Indiana, Sienna ilipo yoyendetsa matayala onse anayi, ndipo matayala abwino a nyengo yozizira amathandiza kuposa kutalika kwa galimoto. Pa za ngozi, n'zoona kuti galimoto yolemera imateteza amene ali m'kati ikagundana ndi yaing'ono. Mtengo wake amalipira ali panja. Bungwe la IIHS, lofufuza za ngozi zapamsewu ku America, linapeza mu 2023 kuti galimoto za boneti yotalika kuposa mainchesi 40 kuchokera pansi zimapha woyenda pansi mosavuta, ndi 45 peresenti kuposa za boneti yaifupi yotsetsereka. Inu muli ndi ana ang'onoang'ono osewera pakhomo, ndipo mukakhala pa chiwongolero cha chigalimoto chotere, mwana woima patsogolo penipeni simumuona.

Wina akuuzani kuti mugule chachikulu chamagetsi. Hummer yamagetsi imalemera matani oposa anayi, batire yake yokha ikulemera ngati kagalimoto kakang'ono, ndipo magetsi ambiri a ku Indiana amachokera ku malasha ndi gasi. Dzina la Hummer likukumbutseninso 2008, pomwe galoni inakwera kupitirira madola anayi, anthu n'kumagulitsa zigalimoto zawo pa mtengo wolira, ndipo mu 2010 Hummer yakaleyo inasiya kupangidwa. Mu Juni 2022 galoni inafika madola asanu. Ngongole ya galimoto mudzabweza zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe angakulonjezeni mtengo wa petulo kwa nthawi yonseyo.

Ndikanakhala ine ndikanagula Sienna, ngakhale yogwirapo kale ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Tsiku losamuka nyumba kapena logula firiji, mukabwereke pikapu ya hayala, madzulo n'kukabweza. Loweruka likubwerali tengani mlamu ndi ana onse anayi, mukayese galimoto zonse ziwiri, muone kuti mpando wachitatu wakumbuyo amalowamo bwanji. Pa galasi la galimoto yatsopano iliyonse pamakhala chipepala chosonyeza ndalama za mafuta pachaka. Mumupatse mtsikanayo kuti awerenge mokweza wogulitsayo ali pompo.