Galu wanga amakumbukiradi, kapena ndi mphuno chabe?

FUNSO: Bambo, tsiku lina ndinayala mbale zitatu pakhonde n'kuvundikira fupa ndi imodzi, galu wathu akuona. Ndinamugwira kanthawi, ndipo nditamutaya analunjika pa mbale yomweyo. Ine ndikuti anakumbukira, koma mwana wanga wa Fomu 3 akuti ndi fungo basi. Akatswiri amadziwa bwanji kuti nyama yakumbukira pomwe siyankhula?
Mayi wa ku Chinsapo, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wandisangalatsa, chifukwa wagwira pamene pagona nkhani. Nyama sungaifunse. Umaipatsa ntchito yoti singaithe popanda kusunga kanthu m'mutu kwa masekondi angapo, kenako n'kutseka njira zina zonse zomwe ingadzere.

Zomwe munachita pakhondepo zikufanana ndi za Walter Hunter, wofufuza wa ku Chicago, zomwe anafalitsa mu 1913. Iye anali ndi makomo atatu, lililonse ndi babu lake. Nyama ankaziphunzitsa kuti khomo lowala ndiye la chakudya. Kenako ankayatsa babu, n'kuzimitsa, nyama ili chitsekeredwe, n'kudzaitsegulira patapita nthawi. Makoswe ankalondola khomo ngati adikira masekondi osapitirira 10. Galu anafika mphindi 5. Koma Hunter anali ndi diso. Anaona kuti makoswe ndi agaluwo ankangoima chiloze mphuno ku khomo lija mpaka atsegulidwe, ndipo akatembenuka ankasokonezeka. Thupi ndilo linkasunga yankho. Kanyama ka ku America kotchedwa raccoon kokha ndiko kankayendayenda n'kulondolabe, mpaka masekondi 25. Ndiye ndikufunseni, mayi: pomwe munamugwira paja, galuyo maso anali kuti?

Mayeso omwe ine ndimawakonda ndi a David Olton ndi Robert Samuelson a pa yunivesite ya Johns Hopkins, a mu 1976. Anakonza thabwa lapakati lokhala ndi tinjira 8 totuluka ngati masipoko a njinga, kumathero a kanjira kalikonse n'kuikako kachakudya kamodzi. Chikadyedwa sabwezerapo. Khoswe wanjala ayenera kukumbukira komwe wadya kale kuti asadzivute ulendo wachabe. Pa maulendo 8 oyamba, makoswewo ankalowa tinjira tosiyana pafupifupi 7, nthawi zina tonse. Za fungo anaziganiziranso. Anazunguza chipangizocho khoswe ali pakati pa ntchito, ndipo anapeza kuti amatsata malo a m'chipindamo osati fungo la mapazi ake. Ubwino wa mayesowa ndi woti yankho ladzulo silithandiza lero. Khoswe amasunga zatsopano ulendo uliwonse.

Si masewera ayi. Khoswe wovulala mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus amabwerezabwereza tinjira tomwe wadyamo kale, ndipo mbali yomweyi ndi imodzi mwa zoyamba kuwonongeka mwa okalamba odwala Alzheimer's. N'chifukwa chake ofufuza mankhwala a matenda oiwalawa amadalira mayeso otere. Aliyense amene anasamalirapo gogo wofunsa funso limodzi kasanu pa ola akudziwa kulemera kwake.

Bwererani pakhonde paja pamodzi ndi mwanayo. Mbale zonse zitatu muzipake msuzi wa nyama kuti zinunkhire mofanana. Galu akaona pomwe mwabisa, mutchingeni ndi chitenje, mumuzunguze kamodzi, muwerenge masekondi 10. Womugwirayo asayang'ane mbale yoyenera, pakuti galu amawerenga maso a munthu kuposa momwe timaganizira. Muzisinthasintha mbale, ndipo mubwereze ka 15 pa masiku angapo. Wongolota amapeza pafupifupi kamodzi pa katatu, ndiye kuti ka 5. Akamapeza ka 11 kapena ka 12, talikitsani nthawi ifike masekondi 30, kenako mphindi imodzi. Mwanayo azilemba m'kope, ndipo mudzatitumizire zomwe mwapeza.