Kwa wophunzira amene wafunsa za mpikisano wa nthaka ya peat

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wophunzira zaulimi, amene akufuna kulowa mpikisano wa ophunzira pamodzi ndi anzake awiri. Mutu wa mpikisanowo ndi wakuti alimi ang'onoang'ono angapeze bwanji chakudya ndi ndalama pa nthaka ya peat (nthaka ya m'madambo yopangidwa ndi zomera zosawola bwinobwino) ya m'mayiko otentha, makamaka ku Indonesia, popanda kuiwononga. Funso lake linali lalifupi: "Tilembe za mbewu iti kuti tipambane?" Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha, chifukwa inandikumbutsa manyazi amene ndakhala nawo kwa zaka zambiri.

Ine ndinakulira m'mphepete mwa dambo. Dimba la bambo anga linali kumunsi kwenikweni, pamene nthaka inali yakuda bii ndiponso yofewa, moti ukaponda madzi ankatulukira pakati pa zala za kumapazi. Bambo anakumba ngalande kuti madziwo atsike, n'kudzala chimanga cha m'chilimwe, nyemba ndi mpiru. Zaka zoyambirira zinali za mwanaalirenji. Chimanga cha kudimbacho ndicho chinkatipulumutsa nkhokwe ikatha, ndipo ndalama za mpiru ndizo zinandigulira yunifomu yanga yoyamba. Anansi ataona zimenezi nawonso anakumba ngalande zawo, wina kumtunda, wina kumbali, mpaka dambo lonse linang'ambikang'ambika. Chitsime chimene agogo ankati sichinaphwepo chinayamba kuuma mwezi wa Okutobala. Kenako chaka china anyamata osaka mbewa anayatsa moto. Udzu unapsa masana amodzi okha, koma nthaka ya dimba lathu inapitiriza kufuka utsi kwa masiku angapo, moto ukuyenda pansi osaoneka, ndipo mng'ono wanga anaponda pamalo pamene pankaoneka ngati pazizira n'kupsa phazi. Mvula itabwera, pamalopo panali dzenje la phulusa ndi mchenga, ndipo chimanga sichinabwererenso mmene chinkachitira kale.

Nditafika ku koleji kunabwera mpikisano wa zolemba pa nkhani yosamalira madambo. Ndinalemba ndi mtima wonse kuti alimi achoke m'madambo, atseke ngalande, adzale mitengo ndi kuweta njuchi. Oweruza anakondwera, ndipo ndinapata mphoto yachiwiri. Pa tchuthi ndinatenga pepalalo kupita nalo kumudzi, n'kuwawerengera mayi anga ndikumasulira ndime iliyonse, iwo akutongola chimanga pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anafunsa osakweza n'komwe mutu kuti, "Ndamva, mwanangu, koma mitengo yakoyo ikamakula, ife mu Januwale tizidya chiyani?" M'masamba onse aja munalibe chiganizo ngakhale chimodzi choyankha funso limeneli, ndipo oweruza aja, anthu ophunzira bwino, sanaone kuti likusowa.

Ndifulumire kunena kuti dambo lathu linali kanthu kakang'ono poyerekeza ndi zimene mpikisano wanu ukukamba. Peat, imene anthu a ku Indonesia amaitcha gambut, ndi masamba, mizu ndi matupi a mitengo zimene zinagwera m'madzi osayenda n'kulephera kuwola bwinobwino chifukwa chosowa mpweya. Imaunjikana pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi milimita imodzi pa chaka, koma ku Sumatra ndi ku Kalimantan kuli malo amene yafika mamita oposa 10 kuya kwake. Ikakhala yonyowa imasunga kaboni wochuluka zedi. Ikaphwetsedwa ndi ngalande, mpweya umalowa, imayamba kuwola, nthaka imatsika chaka ndi chaka, ndipo chilimwe chikakula imayaka ngati makala. Nthawi zambiri mvula yokha ndiyo imazimitsa moto woterowo. Ku Africa kunonso iliko: mu 2017 ofufuza anaonetsa kuti ku Cuvette Centrale, pakati pa mayiko awiri a Congo, kuli peat yokula masikweya kilomita pafupifupi 145,500, kuposa dziko lonse la Malawi. Kumeneko yambiri idakali yonyowa chifukwa anthu amadalira kwambiri usodzi ndi nkhalango, ndipo sanaikumbe ngalande zikuluzikulu.

Ku Indonesia ndiko kunachitika zimene bambo anga anachita, koma ndi makina a boma. Mu 1995 boma la Suharto, pulezidenti wa nthawiyo, linaganiza zosandutsa mahekitala 1 miliyoni a dambo la peat ku Central Kalimantan kukhala minda ya mpunga. Anadula nkhalango, anakumba ngalande zoposa makilomita 4,000, ndipo anasamutsirako mabanja ochokera ku Java ndi zilumba zina. Mpunga sunachite bwino, chifukwa peat yakuya ili ndi asidi wambiri ndiponso ilibe chakudya chokwanira cha mbewu. Ngalandezo zinangokhetsa madzi, ndipo chilala cha El Niño cha 1997 chitafika, mbali yaikulu ya deralo inayaka. Ntchitoyo inasiyidwa, koma ngalande zinatsala. Mu 2015 moto unapserezanso mahekitala pafupifupi 2.6 miliyoni m'dzikolo, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera kuti chiwonongekocho chinali cha madola oposa 16 biliyoni. Mumzinda wa Palangka Raya, likulu la Central Kalimantan, masukulu anatsekedwa, thambo linasanduka lachikasu, ndipo utsi unafika mpaka ku Singapore ndi ku Malaysia.

Apa ndi pamene ndimakwiya ndikamawerenga zolemba za ophunzira, ndipo ndikudziwa kuti ndikukwiyira ine ndemwe wa zaka zija. Zambiri zimayamba ndi chithunzi cha mlimi wosauka atanyamula machesi, ngati kuti iyeyo ndiye anaumitsa dambo. Ngalande zikuluzikulu zinakumbidwa ndi boma ndi makampani a minda ya kanjedza wa mafuta ndi mitengo ya acacia yopangira mapepala. Mlimi amatentha munda wake chifukwa phulusa limachepetsa asidi wa m'nthaka ndi kupatsa mbewu chakudya, ndipo moto sulira ndalama pamene laimu, feteleza ndi aganyu olambula zimalira. Makolo a anthu a mtundu wa Dayak, eni nthaka a ku Kalimantan, ankatentha timinda tawo kalekale popanda ngozi yaikulu, popeza nthaka yozungulira inali yonyowa. Lamulo la zachilengedwe la 2009 linkalolanso banja kutentha mpaka mahekitala 2 motsatira mwambo. Pambuyo pa 2015 boma linakhwimitsa chiletso cha moto, ndipo mabanja ambiri anasiya kulima mpunga wawo n'kuyamba kugula. Ine sindikuti moto ubwerere, chifukwa pa peat youma moto wa munthu mmodzi umapha ana a anthu ena ndi utsi. Ndikuti wophunzira aliyense amene walemba kuti alimi "aphunzitsidwe" kuipa kwa moto, osawerengera mtengo wa chimene chidzalowe m'malo mwa phulusa, sanayambe n'komwe ntchito yake.

Mu Januwale 2016 pulezidenti wa nthawiyo, Joko Widodo, anakhazikitsa bungwe la Badan Restorasi Gambut kuti libwezeretse mahekitala pafupifupi 2 miliyoni a peat yowonongeka. Njira yake inali ya mbali zitatu: kubwezeretsa madzi potseka ngalande, kudzalanso zomera, ndi kutukula njira zopezera ndalama za anthu a m'midzi. Malamulo a chaka chomwecho amati pamalo olimidwa madzi a pansi asatsike kuposa mamita 0.4 kuchokera pamwamba pa nthaka. Mbali ziwiri zoyambazo n'zosavuta kuziwerenga ndi kuzijambula. Yachitatu ndiyo imavuta, ndipo ndiyo mpikisano wanu ukufunsa. Ngakhale kutseka ngalande kumene kuli ndi nkhani yake, chifukwa m'midzi yambiri ngalandezo zinasanduka misewu ya mabwato opita kumunda ndi kumsika. Kumene madamu otsekera ngalande anamangidwa popanda kukambirana ndi eni mudzi, ena anawagumula, ndipo n'chifukwa chake ambiri tsopano amamangidwa ndi kanjira kodutsa bwato pakati.

Mbewu zimene mudzazipeza m'mabuku

Yoyamba ndi sago, mtundu wa kanjedza umene thunthu lake limapereka ufa, ndipo umakula bwino m'nthaka yonyowa. Ku Kepulauan Meranti, m'chigawo cha Riau, sago ndi moyo wa anthu, ndipo mudzi wa Sungai Tohor unatchuka pamene Joko Widodo anapitako mu 2014 kukatseka nawo ngalande. Koma mtengo wa sago umatenga zaka 8 mpaka 12 kuti udulidwe koyamba, ndipo kumene kulibe chigayo chake pafupi, thunthulo ndi katundu wolemera chabe. Palinso jelutung, mtengo wa utomoni umene kale unkapangira chingamu, umenenso umachedwa ndipo msika wake unachepa. Purun ndi udzu wa m'madzi umene amayi amalukira mikeka ndi madengu, monga amachitira ku Pedamaran ku South Sumatra. Umapereka ndalama msanga, koma aliyense amene anaonapo agogo ake akuluka mkeka wa mlaza kwa masiku angapo n'kuugulitsa pa mtengo wa paketi ya shuga akudziwa vuto lake. Pali beje, maiwe amene a Dayak amakumba kuti nsomba monga milamba zitsalemo madzi osefukira akamaphwa. Chinanazi nacho chimapirira asidi, ngakhale sichifuna madzi ofika pamwamba penipeni.

Zonsezi zikupikisana ndi kanjedza wa mafuta, ndipo ophunzira ambiri amaopa kulemba zimenezi. Kanjedzayo amayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, amakololedwa pafupifupi masabata awiri aliwonse chaka chonse, ndipo wogula amabwera ndi galimoto mpaka m'mbali mwa munda. Amafuna nthaka yokhetsedwa madzi, ndiye kuti akudya pang'onopang'ono nthaka imene waimapo, ndipo kumene peat ili pafupi ndi nyanja mindayo idzafika potsika mpaka madzi osefukira osatulukanso. Mlimi amaziona zimenezi, mizu ya mitengo yake ikuonekera poyera ndiponso mitengoyo ikupendekeka. Koma fizi ya mwana ikufunika mwezi uno. Bambo anga nawonso ankaona chitsime chikuuma.

Tsono yankho langa, achemwali, ndi lakuti musasankhe mbewu poyamba. Sankhani dera limodzi lenileni, monga Pulang Pisau ku Central Kalimantan kapena Meranti, ndipo mudziwe kuya kwa peat yake, chifukwa yopitirira mamita 3 malamulo a kumeneko amaiteteza. Ganizirani banja limodzi la mahekitala 2, n'kulemba kalendala ya mwezi ndi mwezi kwa zaka 10 kuyambira tsiku limene ngalande yatsekedwa, yoonetsa chakudya ndi ndalama zolowa: nsomba ndi purun poyamba, chinanazi kapena ndiwo zamasamba pamalo okwererapo, sago pambuyo pake. Mwezi uliwonse umene mulibe cholemba, nenani poyera amene adzalipire mpatawo. Tchulani wogula wa chinthu chilichonse ndi mtunda wokafika kwa iye, ndiponso fotokozani mmene anansi onse a pa ngalande imodzi adzagwirizanire, popeza munthu mmodzi sangakweze madzi m'munda wake yekha. Ngati malamulo a mpikisano akulola, pezani wophunzira wa ku yunivesite ya ku Palangka Raya kapena ya ku Riau kuti alowe m'gulu lanu, ndipo mumupemphe kuti akawerengere kalendalayo mlimi mmodzi wa kwawo musanaitumize.