Ngodya za mu seko zandivuta

Funso: Aphunzitsi, ndili giredi 12 kuno ku Matero, ngodya za mu seko zandivuta, ma arc (zidutswa za mzere wozungulira wa seko) ndiphatikiza liti nanga ndichotsera liti?

Yankho: Mwana wanga usade nkhawa, yang'ana kaye pomwe mizere yakumana. Ma chord awiri (mizere yowongoka yolumikiza malo awiri a pa seko) akadutsana mkati mwa seko phatikiza arc ya kutsogolo kwa ngodyayo ndi ya kumbuyo kwake ugawe pawiri, 100° ndi 40° zikupatsa 70°. Koma ma secant (mizere yodula seko pamalo awiri n'kupitirira) akakumana kunja, chotsa arc yaing'ono pa yaikulu ugawe pawiri, manambala omwewo akupatsa 30° basi, nzomveka poti ukamapita kutali ngodya imachepa. Tangent (mzere wongokhudza seko pamalo amodzi) ndi chord zikakumana pa seko penipeni ngodya ndi theka la arc ili pakati pawo, apa ndipomwe ana ambiri amagwa, zimandiwawa, amatenga arc ya mbali inayo, ndiye iwe jambula kaye usanawerengere.