Fyuzi kaye, achimwene, nyali pambuyo

Achimwene ena a ku Luchenza andilembera imelo. Agula ku Limbe nyali ziwiri zonyamula m'manja, za halogen, 100W iliyonse, ndipo akufunsa ngati angazisomeke pa kabowo koyatsira fodya ka m'pikiapu mwawo, kuti aziwunikira pokweza nthochi usiku komanso akapemphedwa pamaliro.

Pa "pamaliro" pomwepo ndi pamene mwandigwira mtima, achimwene.

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, kwathu cha ku Muloza kunali mdima wa ndiweyani. Mapolo a magetsi anali pansi, mafoni atazima, makandulo osapezeka. M'masiku amenewo tinataya mayi aang'ono. Anthu anasonkhana pa siwa, ndipo malume anabweretsa pikiapu yawo yomwe amatengera chinanazi kumsika, kuti iwunikire anamfedwa. Mnyamata wina, wamtima wabwino ndithu, anati za magetsi amazidziwa. Anatenga waya wa masipika a wailesi, wowonda uja wofiira ndi wakuda, n'kuupota ndi zala pa mitu ya batire, n'kutseka boneti waya uli pakati. Kunawala. Amayi a kwaya anayamba kuona m'mabuku awo a nyimbo, tonse tinamuyamikira.

Chapakati pa usiku kunamveka fungo la pulasitiki yopsa. Mmene malume amatsegula boneti n'kuti waya uja atafiira, chikopa chake chikudontha, moto utagwira kale mawaya ena a m'mbali mwa injini. Mphepete mwa boneti munali mutadula chikopacho, waya n'kukhudza chitsulo. Malume anazula waya pa batire ndi dzanja lopanda kanthu, chipsera ali nacho mpaka lero. Kutacha galimoto yosalira. Bokosi analinyamula adzukulu pamapewa kuchokera kwa kalipentala, m'matope ofika m'mawondo, ndipo chinanazi cha malume chinaolera m'munda chaka chimenecho.

Anthu timaiderera batire ya galimoto chifukwa ukagwira mitu yake sigwedeza munthu ngati magetsi a m'nyumba. Inde ndi 12V yokha. Koma ikachita shoti imatulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi, mphamvu yomweyo imene imatembenuza injini yonse polizitsa. Waya woonda sungapirire zimenezo. Chimene chikanapulumutsa galimoto ya malume ndi fyuzi, kanthu kochepa kuposa chala komwe kamapsa n'kudula magetsi akachuluka, kotsika mtengo kuposa babu la nyaliyo.

Ndipo ndinene mosabisa mawu: amene amati fyuzi ikapsa n'kukulungapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ameneyo asagwirenso galimoto yanu, kaya ndi m'bale wanu kaya ndi makaniko wa zaka zambiri. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake. Funani chimene chaipsetsa. Kuikapo yaikulu kuti "isamapsepse" n'kusamutsira moto ku waya basi.

Poti tayamba za nyali, pali china chimandiwawa. Msewu wa M2 uwu, kuchoka ku Bvumbwe kudutsa pa Thyolo boma mpaka ku Chitakale, nyengo ya chiperoni umakhala ndi nkhungu yoti suona patali. Ndiye wina wamangirira nyali zazitali za LED pa denga, waziyatsa zonse. M'nkhungu kuwala kochokera pamwamba kumangobwerera m'maso mwako, n'chifukwa chake nyali za nkhungu amaziika pansi pafupi ndi bampala. Wobwera kutsogolo mwamuthobwa m'maso, ndipo m'mbali mwa msewumo muli amayi opita kothyola tiyi m'bandakucha, muli akabaza opanda nyali. Ine ndimati spotilaiti ndi ya galimoto yoima. Ikayamba kuyenda pa tala, zimitsani.

Tsono mulumikize bwanji

Pa kabowo ka fodya ayi. Gawani ma watt ndi ma volt: 200W pa 12V ndi ma amp pafupifupi 17, pomwe kabowoko m'magalimoto ambiri kali ndi fyuzi ya 10A kapena 15A. Ipsa, kapena pulagi isungunuka. Zikanakhala za LED za 27W, zomwe zimadya ma amp awiri ndi pang'ono iliyonse, ndikanati somekani.

Zanuzo tengerani ku batire. Waya wa galimoto wa 2.5mm² kapena wonenepa kuposa apo ngati ndi wautali, fyuzi ya 20A pafupi penipeni ndi mutu wa pozitivi, osapitirira utali wa chikhato. Kuchoka pa fyuzi upite pa nambala 30 ya relay (kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi, kokhala ndi timiyendo tolembedwa manambala), 87 ipite ku nyali, 86 ku switchi, 85 ku bodi ya galimoto. Negetivi ya nyali imangidwe ndi bauti pa chitsulo chopala bwino, kapena ibwerere ku batire. Pogwira ntchitoyi masulani kaye negetivi ya batire. Waya udutse pa bowo la labala, osaupanitsa ndi boneti kapena chitseko. Ngati mudzabwereke lole, funsani kaye, malole ambiri ndi a 24V ndipo mababu anu apsa pomwepo.

Batire ya 45Ah ikamadyedwa ma amp 17 injini ili chete, pakatha maola awiri musayembekezere kuti ilira. Muziliza injini kuti alternator, chipangizo chotchaja batire, izibwezera mphamvu, koma ekizozi iloze kutali ndi tenti ya anamfedwa, utsi wake umapha anthu ali m'tulo. Ngati pamaliro muzipemphedwa kawirikawiri, gulitsani za halogen zo mugule za LED.