Mafunso a Owerenga: Ndani Akayang'anire Atsikana ku Msasa wa Kunyanja?

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Monkey Bay. Ine ndi amayi anzanga a m'komiti ya makolo takonza zotenga atsikana 40, a zaka zapakati pa 12 ndi 16, kukagona nawo m'matenti kwa masiku asanu m'mphepete mwa nkhalango ya Lake Malawi National Park pa tchuthi cha mu Ogasiti, kuti akaphunzire za chilengedwe, kudzidalira komanso ubwino wopitiriza sukulu. Ndalama zapezeka, koma tasemphana pa nkhani ya anthu. Ena akufuna kuti tcheyamani wathu, yemwe ndi bambo wolemekezeka, akatsogolere msasawo, ndipo aliyense akufuna kulowetsa mbale wake chifukwa pali kangachepe ka othandiza. Kodi tisankhe bwanji? Mphunzitsi, Monkey Bay.

YANKHO: Zikomo kwambiri Aphunzitsi, ndipo ndikuyamikeni chifukwa mwafunsa nthawi isanathe. Pa nkhani ya a tcheyamani sindikulunga mawu: ulemu wawo ukhale pomwepo, akatsegulire msasa, asunge kaundula wa ndalama ndi kukambirana ndi mafumu, koma amene akagone pakati pa ana ndi kulamula zochitika usana ndi usiku akhale mayi. Mtsikana amene wayamba kusamba kwa nthawi yoyamba pakati pa usiku, kapena amene wina wamulankhula zosayenera, sangapite kukadzutsa bambo, ngakhale bamboyo akhale wabwino chotani.

Mtsogoleriyo akhale mmodzi, wodziwika kwa onse, wokhala ndi wachiwiri wake. Komiti ndi yabwino pokonzekera, koma mwana akatentha thupi nthawi ya 2 koloko usiku sipakhala mpata woitanitsa msonkhano. Pamafunika munthu amene anganene kuti galimoto inyamuke tsopano kupita ku chipatala cha Monkey Bay, ndipo wina aliyense asatsutse. Fufuzani mayi amene anagwirapo ntchito ndi atsikana ambiri nthawi imodzi, monga matironi wa sukulu yogonera komweko kapena mtsogoleri wa Malawi Girl Guides Association, amene sapupuluma zinthu zikavuta.

Komabe mtima wanga uli pa alangizi ogona m'matenti, chifukwa ndi iwowa amene amaona mwana amene sanadye, amene akulira mobisa, kapena amene anzake akumusala chifukwa alibe nsapato. Ine ndingakonde mlangizi mmodzi pa atsikana asanu ndi atatu, ndipo onse akhale opitirira zaka 18, popeza kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana sangasenzetsedwe udindo wosunga mwana mnzake. Sakanizani amayi achikulire ndi atsikana amene anamaliza Fomu 4 kapena ali ku koleji. Achikulirewo amabweretsa bata, pamene achitsikanawo ndi amene ana amawamasukira, komanso amaoneramo tsogolo lawo. Onetsetsaninso kuti ena mwa iwo amalankhula bwino Chiyao, pakuti mwana akachita mantha amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake.

Za abale a mamembala, chibale pachokha si mlandu, koma aliyense adutse pakhomo limodzi. Afunsidwe mafunso ndi anthu atatu osakhala achibale ake, abweretse umboni wa mphunzitsi wamkulu, mfumu, shehe kapena mbusa amene akumudziwa, ndipo mufunse mwakachetechete kumudzi kwawo za khalidwe lake pa ana. Vuto la kulemba mphwake wa membala ndi lakuti akalakwa aliyense amaopa kumudzudzula, ndiye wovutika amakhala mwana.

Musanyamuke musanakhale pansi ndi antchito onse kwa masiku awiri, kuphatikizapo ophika, alonda ndi dalaivala. Agwirizane ndi kusainira kuti wamkulu sakhala yekha ndi mwana pamalo obisika, kuti amuna salowa kumatenti ndi kosambira, kuti palibe kumenya, mowa, ngakhale kujambula ana ndi kuwaika pa Facebook makolo asanavomere. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 ndilo maziko a chitetezo cha ana m'dziko muno, choncho dziwitsani ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Mangochi ndi apolisi a Victim Support Unit za ulendo wanu, ndipo mwana aliyense aloweze nambala yaulere ya 116, yoimbirapo ana akafuna thandizo.

Tsopano za malowo. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, kotero chilolezo ndi wokuperekezani m'mapiri zichokere kumeneko. Anyani a kumeneko sachita manyazi ndi chakudya chosasungidwa bwino. Ogasiti ndi nyengo ya mwera, mphepo imene imatha kuvundula nyanja mwadzidzidzi, choncho mukhale ndi munthu mmodzi wodziwa kusambira ndi kupulumutsa womira, amene mawu ake pa za madzi ndi omaliza, ngakhale mtsogoleri asawaphwanye. Mverani asodzi a komweko pa za mphepo, ng'ona ndi mvuu, ndipo mwana asakwere boti popanda jekete yoyandamitsa. Madzi a m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear amadziwika ndi likodzo, ndiye namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene mukapite naye akonzeretu zoti ana adzayezedwe pakapita milungu ingapo atabwerako. Iyeyo ayang'anirenso maneti a udzudzu, mapadi ndi madzi akumwa othira klorini, pokumbukira mmene kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavutitsira boma la Mangochi.

Ophika musawaone ngati antchito wamba. Ana ambiri a ku Mangochi ndi Asilamu, choncho nyama ikhale yozinga mwa halali ndipo nthawi ya swala ilemekezedwe, monganso mapemphero a ana Achikhristu.

Chotsiriza, Ogasiti ndi nthawi imenenso midzi yambiri imachita zinamwali, ndipo makolo ena angaganize kuti msasa wanu ndi nsondo ya mtundu wina, kapena kuti mukupikisana ndi anamkungwi. Itanani makolo ndi mafumu msanga, muwaonetse alangizi onse maso ndi maso, muwawerengere ndondomeko ya tsiku lililonse, ndipo kholo lililonse lisainire kalata yovomereza yokhala ndi nambala ya foni ndi matenda amene mwana wake ali nawo, monga mphumu kapena khunyu. Makalata amenewo asunge mtsogoleri m'chikwama chake kufikira mwana womaliza ataperekedwa m'manja mwa kholo lake.