Woweruza ananena zina, papepala palembedwa zina

Funso: Akonzi, achimwene anga ali kundende ku Texas. Anawathamangitsa ku America, iwo n'kubwereranso mozemba, n'kugwidwa. M'khoti woweruza ananena ndi pakamwa pake kuti mlandu wawo ndi wa gawo 1326(b)(1), miyezi 18. Koma pepala la chigamulo lomwe loya watitumizira lalembedwa (b)(2). Miyezi ndi yomweyo. Kodi tivutikirenji ndi kanambala kamodzi? Ndine Wodandaula.

Yankho: Mayi, kanambalako musakapeputse.

Lamulo la ku America la 8 U.S.C. 1326 limaika m'magulu anthu olowanso m'dzikomo atathamangitsidwa. Wopanda mlandu wakale sapitirira zaka 2. Gawo (b)(1) ndi la yemwe anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu, ndipo limafika zaka 10. Gawo (b)(2) ndi la milandu yoopsa kwambiri yomwe kumeneko amati aggravated felony, zaka mpaka 20.

Miyezi 18 ija sisintha, n'zoona. Nkhani ili kutsogolo. Akuluakulu oona za olowa ndi otuluka sanali m'khotimo; iwo adzangowerenga pepala. Ndipo chigamulo cha (b)(2) pachokha chimawerengedwa ngati aggravated felony. Achimwene anuwo akadzapempha chilichonse ku boma la America, kapena akadzagwidwanso, pepalalo lidzawaneneza zomwe woweruza sananene.

Mwayi wake, zotere zimakonzeka. Rule 36 ya malamulo oyendetsera milandu m'makhoti a boma lalikulu imalola khoti kukonza zolakwika za kalembedwe nthawi ina iliyonse, ngakhale patapita zaka. Komanso zoyankhula ndi zolemba zikasemphana, makhoti amatsata zomwe woweruza anayankhula. Choncho loya aitanitse zolembedwa za tsiku la chigamulo, zija amalemba mawu ndi mawu, kenako apemphe woweruza yemweyo kuti akonze. Khoti la apilo la Fifth Circuit, lomwe limayang'anira Texas, labwezapo milandu yambiri kuti (b)(2) isinthidwe kukhala (b)(1), makamaka chitatuluka chigamulo cha 2018 cha khoti lalikulu kwambiri la America pa mlandu wa Sessions v. Dimaya, chomwe chinachotsa milandu ina pa gulu la aggravated felony.

Koma apa chenjerani. Rule 36 ndi yokonzera dzanja la mlembi basi, siichepetsa chilango. Zolembedwazo zikaonetsa kuti woweruza ananenadi (b)(2), ndiye kuti njira ndi Rule 35(a), yokonzera zolakwika zoonekeratu pa chilango, kapena apilo, ndipo zonsezi zili ndi masiku 14 okha. Muimbireni loyayo lero, ayambe ndi kuona deti lomwe lili papepalalo.